Buledi ankakwera phiri pamsana: mbiri ya hotela ya Fujiya

Adzukulu anga, inu amene munabadwira kuno ku Odawara, amene mapiri a Hakone mumawaona m'mawa uliwonse popita kusukulu mpaka maso anu anasiya kuwaona, ikani kaye mafoni pansi ndikuuzeni za nyumba ija ili pa Miyanoshita, ya denga lopindika ngati la kachisi, imene mumaidutsa pa basi mukuwodzera. Ine pano ndine mtengwa. Ndinabwera ndi agogo anu aamuna tsitsi langa lisanayere, chinenero cha kuno ndisakuchidziwa ngakhale moni, ndipo amene ananditsegula maso anali apongozi anga aakazi, mayi wamfupi wa msana wopindika amene manja awo sankadziwa kukhala chete. Tikamayanika padzuwa la mu Julayi zipatso za ume zonyikidwa mumchere, iwo ankasimba, ine n'kumatola. Zina ndinkangoyankha kuti eya ndisakuzimvetsa, koma mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndiye lero ndazifukula.

Musanamve za hotelayo, yambani mwadziwa kuti phirili linali loopsa. Msewu waukulu wa Tokaido, wochoka ku Edo, kumene lero mukuti Tokyo, kupita ku Kyoto, unkadutsa pano, ndipo kuchoka pa Odawara kukatsikira ku Mishima, kuseri kwa phiri, unali mtunda wa makilomita ngati 32 umene aliyense woyenda ankauganizira usiku asanagone. Mvula ikagwa matope ankafika m'mawondo, mpaka m'chaka cha 1680 boma linayala miyala, koma miyala nayo ikanyowa inkaterera ngati mlamba. Anthu ankavala nsapato zoluka ndi mapesi a mpunga, zimene zinkatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ngakhale akavalo ankawaveka zomwezo. Woyenda akatopa ankapumira pa kanyumba ka udzu n'kumwa amazake, chakumwa cha mpunga chotsekemera chosaledzeretsa, chimene ine tsiku loyamba kuchilawa ndinati ili ndi thobwa la kuno, n'kutsitsira mkate wa mpunga wosinja wootcha pamakala. Kanyumba kamodzi koteroko kakadalipo m'mbali mwa msewu wakalewo, utsi ukadali kutuluka. M'njiramo munalinso amtengatenga otchedwa kumosuke, amuna amphamvu osowa mudzi, amene ukagwirizana nawo mtengo m'tsinde mwa phiri, mtengowo unkatha kukula mukafika pakati pa nkhalango pomwe palibe wokumva ukakuwa. Si onse anali otero, apongozi ankatero, koma nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Pamwamba, m'mphepete mwa nyanja ya Ashi, pafupi ndi mikungudza ija italiitali, panali chipata cha boma chimene chinaikidwa mu 1619. Chinkatsegulidwa kukacha n'kutsekedwa dzuwa likalowa. Amene ankasechedwa kwambiri pamenepo anali akazi ochoka ku Edo, chifukwa akazi ndi ana a mafumu a m'zigawo ankasungidwa mumzindawo ngati chikole kuti amuna awo asaukire shogun, wolamulira dziko nthawi imeneyo, ndiye mkazi aliyense wotuluka ankamukayikira. Panali mayi wolembedwa ntchito yomasula tsitsi la akazi anzake n'kumafufuza ngati nkhope ndi zipsera zikugwirizana ndi zolembedwa pachiphaso. Wozemba chipata n'kudzera kutchire chilango chake chinali imfa. Dziwe lija mumalitcha Otama-ga-ike lili ndi dzina la mtsikana wantchito, Otama, amene mu 1702 anathawa ku Edo atapukwa kwawo, wopanda chiphaso, nagwidwa akudutsa m'phiri, naphedwa. Apongozi akafika pa dzina limeneli ankatsitsa mawu ngati maliro achitika dzulo. Chipatacho chinachotsedwa mu 1869.

Koma phiri lomwelo loopsalo linali sing'anga. Pansi pake pali moto, ndipo madzi amatuluka m'miyala ali otentha. Kuyambira kale kunali midzi isanu ndi iwiri ya akasupe: Yumoto, Tonosawa, Dogashima, Miyanoshita, Sokokura, Kiga ndi Ashinoyu, ndipo odwala nyamakazi, a zilonda, a m'mimba, ankapatuka pamsewu waukulu pa Yumoto n'kukwera ndi kanjira ka miyendo motsata chigwa cha mtsinje wa Hayakawa, kukakhala masabata angapo akusamba ndi kudziphikira okha. Kumtunda kwenikweni, kumene nthunzi ya sulufule imafuka m'nthaka ndipo mtengo sumera, anthu ankakutcha Gehena Wamkulu. Dzinalo analisintha mu 1873 kukhala Owakudani chifukwa mfumu yaikulu Meiji inali kubwera ku Hakone, ndipo mfumu sungaiuze kuti tafika pafupi ndi gehena. Ndi kuja mumagula mazira akuda aja, oti ukadya limodzi wawonjezera zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndadya ambiri, mukuona nokha.

Tsono kunabwera alendo. Mu 1853 zombo za nkhondo za ku America, zotsogozedwa ndi Matthew Perry, zinaima pakhomo la Edo, ndipo dziko limene linadzitsekera zaka zoposa 200 linakakamizika kutsegula chitseko. Mu 1859 doko la Yokohama linatsegulidwa, azungu namanga nyumba zawo kumeneko, koma analoledwa kuyenda makilomita ngati 40 okha kuchoka padokopo. Wofuna kupitirira ankayenera kupempha chiphaso, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene boma linkavomera chinali matenda. Apongozi ankaseka mpaka kutsokomola, amvekere, simunaone azungu athanzi akudwala nyamakazi onse pamodzi kukangoyamba kutentha. M'chilimwe cha kuno, inu mukudziwa, ku Yokohama thukuta silimauma, pamene pa Miyanoshita, mamita oposa 400 pamwamba pa nyanja, usiku umafuna chofunda.

Akafika, ankapeza nyumba za alendo za eni dziko. Nsapato uvule pakhomo, mpando palibe, kugona ndi pamphasa, khoma ndi pepala loti mnzako akayetsemula chipinda chinacho umamva, kosamba ndi pamodzi. M'mawa akupatse mpunga, msuzi wa miso, nsomba youma ndi ndiwo zonyika mumchere, udye ndi timitengo tiwiri. Mkaka kunalibe, batala kunalibe, ndipo nyama ya ng'ombe anthu ambiri ankaiona ngati yodetsa munthu. Zinatengera mfumu Meiji yeniyeniyo kuidya mu 1872, nkhaniyo n'kulengezedwa, kuti ena alimbe mtima. Ine zimenezi ndimazimvetsa kuposa inu, chifukwa chaka changa choyamba kuno ndinkalota nsima.

Amene anaona kuti njala ya mlendo ndi munda anali Yamaguchi Sennosuke, wobadwa mu 1851. Ali ndi zaka 20 anakwera chombo kupita ku America, nakagwira ntchito zolemetsa, ndipo pobwerera sanatenge wotchi kapena suti yonyadira: anabwera ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri, akuganiza zoyamba ulimi wa ziweto. Nthawi yake inali isanakwane. Ng'ombezo anagulitsa, nakalowa sukulu ya Keio, ya mphunzitsi uja Fukuzawa Yukichi amene nkhope yake inakhala zaka zambiri pa ndalama ya pepala ya 10,000 yen, ndipo amati ndi iyeyo amene anamuuza kuti mutu wake ndi wa malonda, osati wa mabuku. Mu 1878 Sennosuke anagula nyumba ya alendo yakalekale pa Miyanoshita, yotchedwa Fujiya, naikonza mwachizungu. Apa mvetserani kuchenjera kwake. Fuji wa m'dzina lakalelo anali duwa lija lofiirira lolendewera ngati mphesa. Iye katchulidwe anakasiya momwemo, koma zilembo anasintha, nalemba Fuji wa phiri, podziwa kuti mzungu aliyense wotsika m'chombo amafunsa za phiri limenelo. Chikhalirecho pakhonde la hotelayo phiri la Fuji silioneka n'komwe, lili kuseri kwa mapiri ena.

Dzina ndi losavuta, chovuta chinali buledi. Kumtundako kunalibe wophika buledi, kunalibe butchala, kunalibe msewu woti ngolo n'kukwera. Buledi ndi nyama zinkachoka ku Yokohama pa ngolo ya akavalo mpaka pa Odawara pano, ndipo kuchoka pano zinkakwera phiri pa misana ya anthu, kuti mlendo akamakhala patebulo m'mawa apeze zafika. Agogo awo a apongozi anga anali mmodzi wa osenzawo. Ankadzuka tambala asanalire, kumanga nsapato zamapesi, zina zapadera kupachika m'chiuno, nyali ya pepala m'manja, nayamba ulendo wodutsa Yumoto ndi Tonosawa, mtsinje ukulira pansi kuphompho mumdima, m'nyengo yozizira mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, m'nyengo ya mvula ya mu Juni misundu ndi matope. Chimene ankaopa kwambiri si nguluwe ayi, ngakhale zinalipo, koma nkhandwe, pakuti anthu a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti nkhandwe imasanduka mkazi wokongola n'kukusocheretsa, ndipo munthu wonunkhira nyama pamsana ndiye amene ingamutsate. Kamba wawo anali mpunga woumba ngati chibakera, pakati pali ume mmodzi wowawasa. Zaka zonsezo anasenza buledi, koma apongozi amati gogoyo anamwalira asanamulawe. Ankati amanunkhira bwino koma ndi chakudya cha eni ake. Ndikamaona buledi wa pa Fujiya lero ali m'magalasi, anthu ali pamzere kugula, ndimaona msana umenewo.

Alendo nawonso ankakwera pa mapewa a anthu. Chonyamulira cha eni dziko, kago, chinali kabokosi kolendewera pamtengo, kopangidwira munthu wozolowera kupinda miyendo, ndiye mzungu wamtali ankatulukamo atapindika ngati chikwakwa. Anawakonzera mpando wansungwi womangirira pa mitengo iwiri, amuna anayi n'kumanyamula. Kwathu zimenezi timazidziwa, ndi machila amene makolo athu ankanyamuliramo atsamunda, ndipo nditaona chithunzi chake koyamba ndinangoti kodi mapewa a mphawi ndi amodzi dziko lonse?

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1883 moto unabuka pa Miyanoshita, hotela yonse n'kupsa, zaka zisanu za thukuta n'kusanduka phulusa. Wina akanabwerera ku Yokohama, koma Sennosuke anayambiranso chaka chotsatira, kanyumba kamodzi, kenaka kena. Anazindikiranso kuti hotela yopanda msewu ndi nkhokwe yopanda makwerero, choncho iye ndi anzake a m'deralo anasonkha ndalama nasema msewu wa makilomita ngati 7 kuchoka pa Tonosawa kufika pa Miyanoshita, umene unatha mu 1887, woti ngolo yokokedwa ndi munthu n'kudutsa. Chaka chomwecho njanji yochoka ku Yokohama inafika pa Kozu, ndipo mu 1888 ngolo za akavalo zoyenda panjanji zinayamba kufika pa Yumoto. Msewu umene basi yanu imakhotakhota lero uja unayambira pamenepo. Mu 1891 anamaliza nyumba yaikulu imene ilipo mpaka lero, yamatabwa, kunja denga la kachisi ndi zosemasema za akalipentala a kuno, m'kati mabedi, mipando ndi mawindo a galasi. Pasanathe zaka zambiri anali akupanga magetsi akeake ndi madzi a mumtsinje, midzi yonse yozungulira ikuunikira nyali za mafuta, moti usiku anthu ankaima patali kumangoyang'ana nyumba yowala pakati pa phiri lakuda.

Pali chinthu chimodzi chimene apongozi ankachinena akugwedeza mutu. Pa Miyanoshita pomwepo panali nyumba ina ya alendo yotchuka, Naraya, yakale kwambiri, imene inkalandira azungu Fujiya isanabadwe, ndipo awiriwa analimbirana alendo ngati atambala awiri m'khola limodzi. Mu 1893 anagwirizana kugawana: Fujiya izilandira akunja okhaokha, Naraya eni dziko okhaokha, Fujiya n'kumalipirako ndalama kwa mnzakeyo. Panganoli linakhala mpaka 1912. Ndiye kuti kwa zaka pafupifupi 20 mwana wa dziko lino, ngakhale wolemera chotani, sankagona m'nyumba yomangidwa ndi manja a abale ake, pa nthaka ya makolo ake. Sennosuke ankati cholinga chake n'kukolola ndalama za kunja kuti zilowe m'dziko, ndipo ndalamazo zinalowadi. Ine sindimuweruza kwambiri, koma ndinakulira kumene nyumba zina tinkazionera kunja kwa mpanda, ndiye nkhani imeneyi imandikhudza pena pake. Naraya inatsekedwa mu 2001; dzina lake latsala pa kanyumba ka khofi pafupi ndi siteshoni, pamene mumaviika mapazi m'madzi otentha.

Tsopano ndikuuzeni za mkamwini. Kwathu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma uyu anakanirira ngati nkhupakupa. Dzina lake lobadwa nalo anali Kanaya Shozo, mwana wa banja la hotela ya Kanaya ku Nikko, wobadwa mu 1882. Ali mnyamata anapita ku America, nawolokera ku England, kumene anagwira ntchito m'nyumba za anthu ndi kuphunzitsa azungu jujutsu mu London. Atabwerera, mu 1907 anakwatira mwana wamkazi wa Sennosuke, nalowa m'banjamo mpaka kutenga dzina la Yamaguchi, monga amachitira kuno pakhomo pakafunika wolowa m'malo. Ukwatiwo m'kupita kwa nthawi unatha, koma iye pahotelapo sanachoke. Sennosuke atamwalira mu 1915, zambiri zimene mumaziona lero n'kudabwa zinatuluka m'mutu mwa Shozo. Anayambitsa kampani ya magalimoto onyamula alendo mu 1914, bwalo la gofu ku Sengokuhara mu 1917, sukulu yophunzitsa ntchito za m'hotela mu 1930. Anali ndi ndevu zakumlomo zotambalala ngati nyanga za njati, ndipo anazikonda mpaka anayambitsa kalabu ya amuna andevu a m'mayiko osiyanasiyana, zithunzi zawo zikadali pakhoma. Mukapita mukazione, museka.

Sitima yokwera phiri ija inayamba mu 1919, kuchoka pa Yumoto mpaka Gora, ndipo potsetsereka pake ndi poti imalephera kukhota, imachita kuima katatu n'kubwerera chammbuyo ikukwerabe, woyendetsa ndi kondakitala akusinthana malo. Apongozi anali kamtsikana nthawi imeneyo, ndipo amati akuluakulu ena anakana kuikwera, ati chinthu chopita kutsogolo pobwerera m'mbuyo chili ndi mizimu. Kuyambira pamenepo ntchito ya osenza inayamba kuzilala.

Za pa 1 Sepitembala 1923 sankakonda kusimba, koma tsiku lina chivomezi chaching'ono chitagwedeza mbale m'kabati, anakhala pansi nandiuza. Inali nthawi yoti nkhomaliro ipse, mphindi ziwiri isanakwane 12 koloko, moto uli m'mbaula m'nyumba iliyonse. Nthaka inadumpha, osati kugwedezeka chabe, ndipo munthu sankatha kuima. Odawara anagwa pafupifupi yense, zotsala moto unamaliza. Pa Nebukawa, apa pafupi pomwepa, phiri linagumuka n'kukankhira sitima yonse m'nyanja pamodzi ndi siteshoni. M'dera lonse, kuphatikiza Tokyo ndi Yokohama, anafa anthu oposa 100,000. Iwo ndi amayi awo anagona masiku angapo m'nsungwi, chifukwa akuluakulu ankati mizu ya nsungwi imagwira nthaka kuti isang'ambike. Kumtunda misewu ndi njanji zinaduka, hotela inawonongeka kwambiri, koma nyumba yamatabwa ya 1891 ija sinagwe, ndipo chaka chotsatira inayambanso kulandira alendo. Mtengo umadziwa kuwerama.

Pambuyo pa tsoka limenelo m'pamene Shozo anamanga zokongola kwambiri. Mu 1930 anamaliza chipinda chodyera, ndipo inu mukadzalowamo musathamangire menyu, yambani mwayang'ana kumwamba. Siling'i yake ndi timabokosi tamatabwa, ndipo m'menemo munajambulidwa ndi manja mitundu 636 ya zomera za m'mapiri a dziko lino, m'munsi mwake mbalame ndi agulugufe. Kenaka yang'anani pansi pa nsanamira: pali nkhope zosema zolusa, maso ali tong'o, ndipo amati ndi nkhope ya Shozo mwini, kuti operekera zakudya azidziwa kuti bwana akuwaona ngakhale ali ku Tokyo. Kuseri kwa mapepala a menyu ankalembako tinkhani tofotokozera alendo miyambo ya kuno, chifukwa chake anthu amawerama, chifukwa chake amavula nsapato, ndipo tinkhanito tinasonkhanitsidwa kukhala buku lotchedwa We Japanese, loyamba kutuluka mu 1934. Mu 1936 anamanga nyumba ija amaitcha Hana Goten, nyumba yachifumu ya maluwa, ya zipinda 43 pa nthawiyo, chilichonse chili ndi dzina la duwa lake m'malo modalira nambala yokha, duwalo lili pachitseko, ndipo kiyi wake ankamangiriridwa ku thabwa lojambulidwa duwa lomwelo, lalikulu loti sungaliiwale m'thumba.

Alendo otchuka anabwera ambiri, sindingawathe. Charlie Chaplin, wa kandodo ndi nsapato zazikulu uja, anafika m'dziko lino mu Meyi 1932, sabata yomwe asilikali achinyamata a pamadzi anapha nduna yaikulu Inukai Tsuyoshi m'nyumba mwake. Anali ataganizapo zopha Chaplin yemwe, koma tsikulo iye anali kukaonera sumo ndi mwana wa ndunayo. Pa ulendo womwewo anadzagona pa Fujiya. Amene apongozi ankamukonda ndi Helen Keller, mayi wa ku America wosaona ndi wosamva, amene anabwera mu 1937. Pahotelapo pankawetedwa tambala woyera wa mchira wautali kuposa munthu, mtundu uja wa onagadori, ndipo mayiyo anamudziwa ndi zala, kumusisita kuyambira kulipombo mpaka kunsonga ya mchira. Tambalayo anafa, koma pa nsanamira ina ya m'nyumba yaikulu pali tambala wosema wa mchira wotsika mpaka pansi, ndipo amati ndi chikumbutso cha ubwenzi umenewo. Alendo amamusisita mpaka lero, thabwa lachita kusalala.

Za nkhondo ndidutsa msanga, monga ankachitira eni ake. Alendo oona malo anasiya kubwera, m'zipindamo munadzaza akazembe a mayiko ogwirizana ndi Japan, monga Germany ndi Italy, pamene kumunsi kuno anthu ankasinthanitsa zovala zawo zaukwati ndi mbatata. Shozo anamwalira mu 1944 asanaone mathero ake. Nkhondo itatha mu 1945, asilikali a ku America anatenga hotelayo kukhala malo awo opumulirako mpaka 1954, ndiye kachiwiri eni dziko anaionera kunja. Mu 1946 hotela inalandira nyumba yoyandikana nayo, Kikkaso, imene inamangidwa mu 1895 kuti ana a banja lachifumu azithawirako kutentha. M'menemo ndi momwe mumadyera zachijapani mutavula nsapato, ndipo chizindikiro cha duwa lachifumu chikadali pazitsulo za pakhoma. Mu 1978, hotela ikukwanitsa zaka 100, kunagona John Lennon ndi Yoko Ono ndi kamwana kawo, ine ndili kale kuno, koma ndinamva atapita.

Mwina mukufunsa kuti nanga anthu amakaonako chiyani lero, poti ku Tokyo kuli mahotela a nsanjika 40 oti chitseko chimatseguka chokha. Ine ndinalowamo koyamba agogo anu atasunga ndalama miyezi ingapo kuti tikakumbukire tsiku la ukwati wathu, mu Novembala, mapiri atafiira ngati wina wawayatsa. Sitinagone, tinangodya nkhomaliro. Ndinali ndi mantha ndi mafoloko, ndipo ndinatenga yolakwika, koma mnyamata woperekera zakudya anachita ngati sanaone, nabweretsa ina mwakachetechete. Ulemu wotere sugulidwa pamsika. Tinadya mpunga ndi nyama ya ng'ombe yothira kale, msuzi wake ukubwera padera m'kambale kasiliva, wakuda bii, wophikidwa masiku angapo, ndipo ndinati uyu ndi kale wakaledi. Pambuyo pake chitumbuwa cha maapozi ndi tiyi, tikuyang'ana nsomba zamawangamawanga m'dziwe. Koma chimene chinandigwira mtima si chakudya. Ndi matabwa a pansi amene amalira ukaponda, makonde okhotakhota olumikiza nyumba ya 1891 ndi ziwiri zoyera za 1906 ndi ya maluwa ija, oti umasochera ngati uli m'mudzi wachilendo. Magalasi akale a m'mawindo amene mitengo ya panja imaoneka ngati ikuvina. Mpopi wa m'bafa la chipinda chilichonse wotulutsa madzi a kasupe yemwe uja ankafunidwa ndi odwala nyamakazi. Palibe mbali imene ili yachizungu kwenikweni, palibe imene ili yachijapani kwenikweni. Ndi nyumba yomangidwa ndi anthu amene ankayesa kulota zimene mlendo angakonde, ndipo polotapo anapanga chinthu chimene kwawo kwa mlendoyo kulibe. Ine mtengwa, amene ndimaphika nsima ya ufa wogula pa intaneti n'kudyera nsomba ya m'nyanja ya Sagami, nyumba yotere ndimaimva ngati mbale wanga.

Mlendo ndi mame, amatero kwathu, sachedwa kukamuka. Akalonga, akazembe, asilikali, oimba, onse anagona n'kupita. Otsala ndi a pa Miyanoshita, zidzukulu za osenza ndi onyamula mipando, ena mwa iwo akugulitsa zinthu zamakedzana ndi zithunzi m'timasitolo ta m'mbali mwa msewu, ndipo pa 2 ndi pa 3 Januwale chaka chilichonse amaima kutsogolo kwa hotelayo kukuwira anyamata a m'mayunivesite othamanga mpikisano wa Hakone Ekiden, umene unayamba mu 1920. Inu mumauonera pa TV muli m'bulangete. Anyamatawo amakwera phirilo ndi miyendo, nsalu yopatsirana ili paphewa, dziko lonse likuwaombera m'manja, ndipo ine ndikamawaona ndimakumbuka gogo uja wa nyali ya pepala amene ankakwera m'chigwa chomwecho usiku uliwonse wopanda womuombera.

Mu 1997 boma linalemba nyumba zakalezo m'kaundula wa chuma cha dziko choyenera kusungidwa. Mu Epulo 2018 anatseka hotela yonse kuti ailimbitse poopa chivomezi china, ndipo ine ndinada nkhawa kuti abweza chinthu chonyezimira chopanda fungo. Anatsegulanso pa 15 Julayi 2020, tsiku lomwe inabadwa, mliri wa korona uli pakati, alendo akunja kulibe, moti nyumba imene kale inkakana eni dziko inatsegulidwa ndi eni dziko okhaokha. Ndinapitako mliri utachepa. Tambala alipo, nkhope zolusa zija zikadali kuyang'anira maweta, ndipo maluwa 636 ali m'malo mwake.

Maondo anga sakundilolanso kukwera chitunda chochoka pa siteshoni ndekha. Loweruka likubwerali mmodzi wa inu adzanditenge m'mamawa, tikakwere sitima yobwerera chammbuyo ija, tikhale mbali ya kuchigwa kuti ndikakulozereni pamene pankadutsa osenza buledi. Za mpunga wa kale mulipira ndinu, ine ndinalipira kale.